Ana Otsalira Belu Likalira

Choko chinagwanso. Chinagubuduka pasimenti n'kukaima pafupi ndi phazi la Restituta, chitathyoka pawiri.

"Tola, Tekla," anatero Restituta. "Chilembo chimenechi unkachidziwa sabata yatha. Sichinasinthe ayi."

Tekla anawerama n'kutola kachidutswa kamodzi ndi nsonga za zala, ngati akutola khala lamoto. Anzake anayi anaseka.

"Zala za nkhanu," anatero Ambrosi, mnyamata wapakamwa kuposa onse pagulupo, manja atawapisa m'khwapa monga mwa chizolowezi chake. "Mwalimu, mpatseni nkhafi, mwina imeneyo aigwira."

"Nanga iwe lero wagwira chiyani?" anafunsa Restituta. "Ine ndikuona pakamwa pokha pakugwira ntchito."

Anawo anasekanso. Tekla sanaseke nawo.

Restituta anamaliza maphunziro a uphunzitsi ku Songea, ndipo anali akudikirabe kuti boma limukumbukire. Podikirapo, komiti ya sukulu ina ya pulayimale kumtunda kwa doko la Mbamba Bay inamupatsa ntchito ya masana okha. Ankatenga ana a kalasi yachitatu amene kuwerenga kunkawakanika, n'kumakhala nawo pang'onopang'ono mpaka zilembo zitawazolowera. Anamusankha chifukwa mayi ake anali a ku Nkhotakota, choncho ankatha kulankhula ndi ana a asodzi ochokera ku Malawi, amene Chiswahili cha m'buku chinkangowadutsa pamwamba. Chipinda sichinkapezeka mpaka belu loweruka litalira. Ndiye ana onse akamathamangira kwawo, ake asanu ankatsala n'kulowa m'chipinda chosungiramo madesiki othyoka.

Tekla ndiye ankamuzunguza mutu. Poyamba mwanayo ankathamanga kuposa anzake. Kenako anayamba kubwerera m'mbuyo, kuiwala zimene ankadziwa, kumangoyang'ana pakhomo. Restituta anachita zimene anaphunzira ku koleji: mwana akafooka, muwonjezere nthawi. Anzake akamapita, Tekla ankatsalanso yekha. Koma akamuwonjezera nthawi, m'pamene mwanayo ankaipiraipira.

Tsiku limenelo linali Lachisanu. Anayi aja atatuluka, Restituta anakhala pa desiki yamiyendo itatu n'kutambasula dzanja.

"Ndione chikhatho chako."

Tekla anabisa dzanja kumbuyo. Restituta sanamukakamize. Anangodikira, ndipo patapita kanthawi dzanjalo linatuluka lokha. Chikhathocho chinali chotupa ngati mandazi. Mizere yakuda inadutsanadutsana, ndipo umodzi unali utang'ambika pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala.

"Ndani?" anafunsa Restituta, tsopano m'Chichewa.

"Palibe."

"Palibe ameneyo ali ndi dzanja lolemera. Ndi mwalimu wa m'kalasi mwanu?"

Tekla anapukusa mutu. "Ababa."

"Unalakwa chiyani?"

Mwanayo anamuyang'ana ngati wafunsa funso lachibwana. "Si ndimatsalira?"

Apa Restituta anazindikira. Pasukulu imeneyo, kuyambira kale, belu likalira ankatsala ndi olakwa okha: ochedwa, omenyana, akuba mango a aphunzitsi. Ankatchetcha udzu kapena kutunga madzi otsukira zimbudzi. Makolo onse a kudoko anadutsamo kapena anamva, ndipo mwana akafika pakhomo anzake atafika kale, nkhani inali itadziwika asanatsegule pakamwa. Restituta ankadziwa zimenezi monga aliyense. Sanangoganizapo.

"Sunawauze kuti timaphunzira?"

"Ndinawauza. Anati wanzeru satsalira. Anati akukuthandizani kuti musatope nokha." Tekla anayang'ana pakhomo. "Ndikatsala ndi anzanga amandimenya pang'ono. Ndikatsala ndekha amati ndiye kuti ndaposa onse."

"Pita," anatero Restituta. "Thamanga, uwapeze anzako panjira."

Mwalimu mkuu, mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo, bambo Gaudens, anali muofesi akudya chinangwa chootcha. Pakona panali ndowa yodzaza ndi viboko, ndodo zomenyera ana, zitaikidwa mwadongosolo ngati maluwa a kutchalitchi. Anamvetsera nkhaniyo akutafuna.

"Za pakhomo pa munthu ndi za pakhomo pa munthu, binti," anatero, akumutchula ngati mwana wake wamkazi. "Tonsefe tinakula ndi kiboko, ndipo taonani, tili m'maofesi."

"Mwana sakutha kugwira choko."

"Mulungu anamupatsa manja awiri." Anapukuta zala pa thalauza. "Inu pano ndinu wa masana okha. Ntchito yanu ndi zilembo. Mukayamba kulowa m'nyumba za anthu, komiti ikandifunsa, ine sindikudziwani."

Restituta anathokoza mwaulemu. Anaona kuti nkhaniyo inali yaing'ono: kungopita, kufotokoza, bamboyo amvetse, basi. Anakonza ngakhale mawu oyambira.

M'mawa wa Loweruka anatsikira kudoko dzuwa litakwera, mabwato atabwerako. Usipa unali ukung'anima pa mathandala oyanikira, amayi akuutembenuza ndi manja, ana akuingitsa akhwangwala. Nyumba ya Harrison, bambo ake a Tekla, inali kumapeto kwenikweni, kumene Amalawi ankachita lendi. Harrison anali pansi pa mtengo akusoka ukonde. Mkazi wake Veronika anali akukoleza moto pansi pa mgolo wowiritsira usipa, ndipo Tekla anali pathandala, akutembenuza nsomba ndi dzanja lamanzere.

Harrison anali munthu waulemu, ndipo vuto linayambira pamenepo. Anadzambatuka, n'kupukuta kampando ndi malaya ake.

"Karibu, Mwalimu, karibu sana! Amayi a Tekla, tiyi msanga. Aphunzitsi atipondera pakhomo."

"Musavutike, bambo. Ndabwera za Tekla."

Kumwetulira kunachoka pankhope pa Harrison ngati wina wakupukuta. Anayang'ana nsapato za Restituta zodzaza mchenga. Anayang'ana anansi amene anali atasiya ntchito n'kumaonerera. Kwa iye, mphunzitsi kutsika phiri Loweruka kudzafuna kholo kunali ndi tanthauzo limodzi lokha.

"Mpaka mwadzivutitsa kubwera kuno," anatero motsitsa mawu. "Mpaka pamaso pa anthu. Tekla!"

"Ayi, bambo, dikirani kaye ndifotokoze."

"Musadzitopetse, Mwalimu, ndamva kale. Mutu umodzi susenza denga. Inu mwachita mbali yanu, ndisiyireni yanga."

Tekla anabwera akuyenda pang'onopang'ono, atatambasula kale dzanja lamanzere, popeza lamanja linali litatha. Harrison sanaliyang'ane dzanjalo. Anatola chidutswa cha chingwe cha m'munsi mwa ukonde, chija chimakhala ndi tizitsulo tomizira, n'kuchipinda pawiri.

"Ndinawoloka nyanja kuti uphunzire," anatero. "Iwe ukundibweretsera manyazi pakhomo."

Chingwe chinalira paphewa pa mwanayo. Tekla anagwada osatulutsa mawu.

"Bambo, siyani! Sanalakwe!"

"Musamumvere chisoni, Mwalimu. Kuwongola mtengo m'poyamba."

Chachiwiri chinagwera pamsana, diresi n'kung'ambika. Veronika anakuwa ali pamgolo, koma mapazi ake sanasunthe. Restituta sanadziwe kuti wadzuka liti. Anangozindikira atagwira Tekla pamkono n'kumuponya kumbuyo kwake. Chingwe chinali kale m'mwamba. Kachitsulo kanamupeza pamwamba pa diso lamanzere.

Anaona kuwala, kenako anapezeka atakhala pamchenga. Chinachake chofunda chinatsikira m'diso, n'kudutsa patsaya, n'kudontha pa bulauzi yake yoyera, imene anaisita dala kuti akaoneke ngati mphunzitsi weniweni.

Harrison anagwetsa chingwe. "Mayo ine," anatero. "Mayo, Mwalimu."

"Mmalawi kampiga mwalimu!"

Amene anakuwa anali Kasian, bambo ake a Ambrosi. Mawuwo anathamanga doko lonse, kuti Mmalawi wamenya mphunzitsi, ndipo aliyense amene anawamva anatola chimene chinali pafupi. Kasian ndi Harrison anali ndi nkhani yakale ya maukonde amene anakolana pakati pa nyanja, wina n'kudula wa mnzake. Ena anali ndi nkhani zawo za malo oyanikira. Ena analibe nkhani iliyonse, koma anali ndi nkhafi m'manja.

Harrison sanathawe. Anagwada n'kukweza manja. "Ndalakwa, abale, sindinafune. Ndimamenya mwana wanga."

Nkhafi yoyamba inamupeza pamsana, n'kumugwetsa chafufumimba. Yachiwiri inagwera pa dzanja limene anaphimbira mutu, ndipo Restituta anamva phokoso ngati la nkhuni youma ikuthyoka. Wina anasolola chikuni pansi pa mgolo. Anthu anakankhana, thandala linagwa, usipa wa usiku wonse unamwazika pamchenga n'kupondedwapondedwa.

"Mlendo wakhuta, wayamba kuluma eni mudzi!"

"Mponyeni m'nyanja, asambire mpaka kwawo!"

Veronika anathamangira pakati pawo, wina n'kumukankha pachifuwa mpaka anakagwera pa ukonde. Tekla, amene sanalire pamene chingwe chinkamugwera, tsopano ankakuwa ndi mawu amene Restituta anali asanawamvepo m'kalasi.

"Ababa! Asiyeni ababa!"

Mwanayo anayamba kudzipanikiza pakati pa miyendo ya amunawo. Restituta anamugwira diresi, n'kumukankhira kwa mayi ake. Anayesa kukuwa, koma mawu a mphunzitsi amamveka m'kalasi mokha. Ndiye analowa yekha, akuona ndi diso limodzi, n'kudzigwetsa pamsana pa Harrison. Munthuyo ankanunkha nsomba ndi thukuta, ndipo ankanjenjemera ngati mbuzi yomangidwa.

Nkhafi ina inali itanyamuka kale. Inagwera pa mkono wa Restituta, pamwamba pa chigongono.

Kenako kunangoti zii. Kunkamveka moto wa pansi pa mgolo ndi akhwangwala amene anali atatera kale pa usipa.

Restituta anadzutsa mutu. Nkhafiyo inali m'manja mwa Kasian.

"Tsopano andimenya anthu awiri," anatero Restituta m'Chiswahili, kuti onse amve. "Woyamba mwati asambire mpaka kwawo. Nanga wachiwiriyu tikamuponya m'nyanja, asambira kulowera kuti?"

Wina kumbuyo anaseka, kenako anasandutsa kusekako chifuwa. Kasian anatsitsa nkhafi.

"Timakutetezani, Mwalimu," anatero. "Ife kuno timalemekeza sukulu. Si ngati awa."

"Ndamva ulemu wanu. Ukupweteka. Pitani mukatole nsomba za anthu."

Anabalalika pang'onopang'ono, aliyense akuyang'ana nkhafi yake ngati wangoitola panjira. Mnyamata wa bodaboda, njinga yamoto yonyamula anthu, anamutengera Restituta kuchipatala, kumene anamusoka pachikope n'kumumanga mkono.

Lamulungu, Misa itatha, bambo Gaudens anafika kunyumba kwa Restituta atavala jekete. Nkhani inali itawapeza pakhomo pa tchalitchi.

"Mawa m'mawa tipite ku polisi," anatero. "Ine ndikuperekezani. Munthu ameneyu ndamva kuti ngakhale mapepala okhalira kuno alibe. Mawu anu amodzi okha, amukweza bwato."

"Lachisanu munati za pakhomo pa munthu ndi za pakhomo pa munthu."

"Lachisanu linali dzanja la mwana. Lero ndi nkhope ya sukulu."

"Nkhopeyi ndi yanga, Mwalimu mkuu. Sukulu imangoibwereka masana."

Bambo Gaudens anayang'ana ulusi wa pachikope pake, n'kupukusa mutu. "Nanga mukufuna chiyani?"

"Kiyi wa chipinda cha madesiki. Ndizibwera m'mawa, belu lisanalire. Mwana wofika pasukulu anzake asanafike, palibe kholo lingamuyese wakuba mango."

Popeza pempholo silinkafuna ndalama kapena msonkhano wa komiti, bambo Gaudens anavomera pomwepo.

Masana ake Restituta anatsikanso kudoko. Thandala linali chigwere. Veronika anali pakhonde akulongedza mapoto m'thumba la chimanga, ndipo atamuona anagwada.

"Tikupita, Mwalimu. Musavutike ndi apolisi. Kuli bwato la katundu lowoloka mawa. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka."

"Tekla ali kuti?"

"Ndamutumiza kwa a Beata, a kutchalitchi kwathu. Sakudya."

"Musamuitane. Ndaphunzira dzulo."

Harrison anali m'nyumba, atagona chammbali pamphasa. Diso lina linali litatsekeka. Dzanja lamanja linali lokulungidwa m'chitenje, zala zikutuluka kunsonga zotupa ngati nthochi. Anayesa kudzuka, nthiti zinakana.

"Gonani," anatero Restituta. Anakhala pa chigubu pafupi ndi khomo. "Dzulo simunandilole kumaliza. Lero mulibe kothawira, ndiye mumva. Tekla sanalakwepo chilichonse pasukulu. Ngakhale kamodzi. Ndinamutenga chifukwa Chiswahili chimamuvuta, ndipo mwezi woyamba ndiye ankatsogola. Masiku amene ankatsala yekha, ndine ndinkamusunga, kuti ndimuthandize. Ine ndinkamusunga, inu n'kumamumenya. Mawa lake wafooka, ine n'kumusunganso."

Harrison anayang'ana kudenga.

"Iye anandiuza," anatero. "Ndinati ndi bodza la ana. Kwathu ndikatsala kusukulu, abambo anga ankandidikira panjira. Ndinkati ndikukuthandizani."

"Munandithandiza. Mwana sakutha kugwira choko."

"Ndikhululukireni, Mwalimu."

"Za diso langazi zisiyeni, chingwe chija sichinali changa. Amene chinali chake mukamupepese nokha, ngati mungathe." Anatembenukira kwa Veronika, amene anali ataima pakhomo atagwira poto. "Tsitsani mapotowo, mayi. Mukawoloka, chingwe chiwoloka nanu, ndipo kumeneko kulibe wolowa pakati. Ku polisi sindipita."

Veronika anayamba kuomba m'manja, koma Restituta anamuletsa ndi dzanja labwinolo.

"Sindinathe. Chipserachi sichichoka, adokotala anena. Doko lonse linaona amene anachiika. Tsiku limene ndidzaone mzere umodzi pathupi pa Tekla, ndidzapita nacho ku polisi ngati kuti chachitika m'mawa womwewo, ndipo a Kasian adzathamangira kukachitira umboni osadya n'komwe. Mwamva, bambo a Tekla?"

"Ndamva."

"Mawa afike dzuwa likungotuluka. Belu likalira masana, adzabwera ndi anzake."

Potuluka anamva Harrison akufunsa mkazi wake motsitsa mawu ngati mwana wadya. Veronika anayankha kuti amene akufuna kudziwa akamufunse yekha.

Lolemba m'mawa udzu wa pasukulu unali ukadali ndi mame. Restituta anatsegula chipinda cha madesiki ndi dzanja limodzi. Ana anafika akuyasamula, onse asanu, Tekla pomalizira. Anapereka shikamoo, moni wa ana kwa akulu, maso awo ali pa ulusi wa pachikope, ndipo palibe amene anafunsa, chifukwa onse ankadziwa.

"Mwalimu, akuti munagwetsa amuna khumi," anatero Ambrosi. "Ababa akuti akanapanda iwo, bwenzi Mmalawi uja atakuphani."

"Abambo ako ndi munthu wothandiza kwambiri," anatero Restituta. "Khalani pansi."

Anapereka choko kwa Tekla. Mwanayo anachigwira ndi dzanja lamanzere, n'kulemba chilembo chija pabolodi. Chinali chopendama ngati bwato lodzaza mbali imodzi, koma chinali chomwecho.

Restituta anati anene kuti wakhoza, koma ganizo lina linamufikira. Anayang'ana anayi enawo. Onse ankatsalira limodzi ndi Tekla kuyambira tsiku loyamba. Onse ankafika pakhomo anzawo atafika kale.

"Lero tiyamba mwa mtundu wina," anatero. "Aliyense aike manja pa desiki, zikhatho m'mwamba."

Awiri anaika msanga, akuseka, akuganiza kuti ndi masewera. Zikhatho zawo zinali zakuda ndi fumbi basi. Wachitatu, kamtsikana kachete, anazengereza, kenako anatambasula. Panali mizere iwiri yakale, yoyamba kupola.

Ambrosi sanasunthe. Manja ake anali m'khwapa, momwe ankakhalira masiku onse.

"Ambrosi."

"Kukuzizira, Mwalimu."

"Ndikudziwa. Ika."

"Ine zanga ndi zala za munthu, si za nkhanu," anatero, akuyesa kuseka. Palibe amene anamuthandiza kusekako.

Anatulutsa manja pang'onopang'ono n'kuwaika pa desiki. Restituta anawayang'ana. Tekla nayenso anawayang'ana, kenako anasunthira chapafupi naye pabenchi.

"Abambo ako amabwerako nthawi yanji kunyanja?" anafunsa Restituta.

"Dzuwa likakwera." Mawu a Ambrosi anali atachepa. "Musabwere, Mwalimu. Chonde."

"Ndipita lero, iwe uli m'kalasi. Ndipita ndi amayi awiri a kutchalitchi, ndipo ndikayamba kulankhula ndisanakhale pampando." Anatola choko china n'kuchiika pang'onopang'ono pakati pa zala za mnyamatayo. "Gwira chonchi, osafinya. Tiye kubolodi."